Kanema wa ukwati akukana kuoneka pa TV nditamusintha kukhala MP4

Wojambula_wa_ku_Zomba analemba kuti:

Moni kwa nonse a pa bwalo lino. Ine ndimajambula makanema a maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mipingo ku Zomba ndi madera oyandikana nawo, ndipo ngakhale kuti ndagwira ntchitoyi kwa zaka zingapo, ndivomereze kuti kusintha mafayilo kuchoka mu mtundu wina kupita mu mtundu wina ndimangochita mwachizolowezi, osadziwa bwinobwino zimene zimachitika mkati mwa kompyuta. Sabata ino chizolowezicho chandigwiritsa fuwa la moto.

Loweruka lapitali ndinajambula ukwati ndi kamera yanga yakale imene imasunga makanema mu AVCHD, ndiye kuti mafayilo ake amathera ndi .MTS. Mwambo wa ku tchalitchi pamodzi ndi madyerero a ku holo zinatenga maola atatu. Mlongo wake wa mkwati, amene anabwera kuchokera ku Johannesburg, anandipatsanso makanema 12 amene anajambula ndi iPhone yake, ndipo malume ake a mkwatibwi anandibwereka memori khadi ya kamera yawo yaing'ono imene anajambulira perekaniperekani ataima pafupi ndi tebulo la akwati. Banja linapempha kuti zonsezi ndiziphatikize n'kuziika pa fulashi, kuti agogo a mkwatibwi, amene sanathe kubwera chifukwa cha miyendo, akaonere pa TV kumudzi.

Ndinagwiritsa ntchito pulogalamu ina yaulere imene ndinaipeza pa intaneti, ndinasankha MP4, ndipo kompyuta inagwira ntchito usiku wonse. Ulendo woyamba magetsi anazima itatsala pang'ono kumaliza, ndipo fayilo imene inatsala sinatseguke n'komwe. Ulendo wachiwiri inamaliza, koma zotsatira zake zandizunguza mutu. M'zigawo zimene zinachokera pa foni, milomo ikutsogola ndipo mawu akutsalira. Poyamba kusiyanako ndi kochepa, koma pofika kumapeto kwa malangizo a ankhoswe, munthu amakhala atakhala kale pansi mawu ake akumvekabe. Mitundu ya zigawo zomwezo yasuluka ngati chitenje chochapidwa kambirimbiri. M'zigawo za kamera yanga, anthu ovina ali ndi timizere topyapyala m'mbali mwa manja ndi miyendo ngati mano a chipeso. Nditafuna kukopera fayilo yonseyo, imene ndi ya 11 GB, pa fulashi ya 32 GB yopanda kanthu, kompyuta inakana n'kulemba kuti "The file is too large for the destination file system". Nditadula kachigawo kakang'ono kuti ndiyesere pa TV ya kunyumba kwanga, yomwe ndi yakale ngati ya agogowo, mawu anamveka koma chithunzi sichinabwere. Pamwamba pa zonsezi, fayilo imodzi ya pa khadi ya malume, yomwe ili ndi perekaniperekani weniweniyo, ikukana kutseguka paliponse ngakhale kuti ikuonetsa kukula kwa 1.8 GB.

Kodi vuto ndi pulogalamuyo kotero kuti ndifunefune ina, kapena pali chimene ndikulakwitsa ineyo? Akwatiwo anyamuka Lamlungu likubwerali ndipo ndinalonjeza kuti fulashi idzakhala m'manja mwawo asananyamuke.

Mkonzi_wa_ku_Lilongwe anayankha kuti:

Zikomo achimwene pofotokoza mwatsatanetsatane, chifukwa ambiri amangolemba kuti kanema sakuoneka n'kuyembekezera yankho. Zimene mwatchulazi ndi mavuto angapo okhala ndi magwero osiyana, ndipo kusintha pulogalamu musanadziwe gwero la lililonse kungokutayitsani usiku wina. Ine ndikamba za zigawo za pa foni ndi za TV, popeza ndi zimene ndimakumana nazo tsiku ndi tsiku.

Dzina lakuti MP4 limangonena za thumba, silinena za zimene zili m'thumbamo. Tonse tikudziwa kuti thumba lolembedwa kuti feteleza likhoza kukhala ndi chimanga, mpunga kapena makala, ndipo wogula wanzeru amayamba walimasula. Chimodzimodzinso MP4, MOV, MKV ndi MTS ndi zotengera chabe, zimene akatswiri amazitcha container, pamene chithunzi ndi mawu amene ali mkatimo amakhala atapanikizidwa ndi njira yotchedwa codec. Ma codec a chithunzi amene mukulimbana nawo ndi awiri. H.264 inatuluka mu 2003 ndipo pafupifupi TV iliyonse yokhala ndi polowetsa fulashi imaiwerenga, pamene H.265, yodziwikanso kuti HEVC, inatuluka mu 2013 ndipo imachepetsa kwambiri kukula kwa fayilo koma ma TV akale ambiri saidziwa. TV ikatulutsa mawu popanda chithunzi, ndiye kuti thumba yalimasula bwinobwino, mawu yawazindikira, koma codec ya chithunzi yaikanika.

Choncho musanasinthenso chilichonse, ikani pulogalamu yaulere ya MediaInfo, mutsegule nayo fayilo imodzi ya pa foni komanso imene pulogalamu yanu inatulutsa, ndipo muone mizere ya Format, Format profile, Bit depth ndi Frame rate mode. Ndikukhulupirira kuti mupeza HEVC ya 10 bits, chifukwa kuyambira pa iOS 11 mu 2017 ma iPhone ambiri amajambula mu HEVC pokhapokha mwini wake atasankha Most Compatible, ndipo kuyambira pa iPhone 12 amajambulanso mu HDR ya Dolby Vision. Chimene TV yakale imafuna ndi H.264 ya 8 bits, ya profile High ndi level yosapitirira 4.1, mitundu yosungidwa mwa njira ya yuv420p, ndi mawu a AAC. Dziwaninso kuti H.264 ya 10 bits ilipo, yotchedwa High 10, ndipo imeneyo ma TV amaikana kuposanso HEVC, kotero kuona dzina la H.264 lokha sikokwanira.

Kusuluka kwa mitundu kukuchokera pa HDR yomweyo. Kanema wa HDR amasunga kuwala ndi mitundu pa muyeso wotakata wa BT.2020, pamene TV yawamba imayembekezera muyeso wa BT.709. Pulogalamu ikangosintha codec popanda kumasulira muyeso wina kupita ku unzake, manambala a mitundu amakhala omwewo koma amawerengedwa ndi sikelo yolakwika, ndipo n'chifukwa chake diresi lofiira limaoneka lotuwa. Mu HandBrake, imenenso ndi yaulere, pitani pa Filters, pa Colorspace musankhe BT.709, ndipo iyo idzachita yokha ntchito yotchedwa tone mapping.

Tsopano za milomo ndi mawu, zimene ndi zopweteka kwambiri pa kanema wa ukwati chifukwa malonjezo ndi malangizo ndiwo anthu amafuna kumva. Kusiyana kwa mawu ndi chithunzi kuli pawiri. Pali kusiyana kofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kumene mukhoza kukuyeza mu pulogalamu yoonera makanema ya VLC pa Windows podina J kapena K, popeza kudina kamodzi kumasuntha mawu ndi mamilisekondi 50, ndipo mukapeza nambala yoyenera mumangosuntha mawu onse kamodzi. Kwanuko ndi kwina, kumene kumakula kanema akamapita patsogolo, ndipo gwero lake kawirikawiri ndi variable frame rate. Kamera yanu imajambula chiwerengero chofanana cha zithunzi pa sekondi iliyonse, koma foni imasinthasintha. iPhone ikakhala pa malo a mdima ngati holo ya madzulo imatha kutsika yokha kuchoka pa zithunzi 30 kufika pa 24 kuti chithunzi chilichonse chilandire kuwala kokwanira. Foniyo imalemba nthawi ya chithunzi chilichonse, koma pulogalamu yosasamala imanyalanyaza nthawizo n'kuyala zithunzi zonse ngati zinali 30 pa sekondi. Tiwerengere limodzi: kanema wa mphindi 10 ali ndi masekondi 600, ndipo ngati foni inajambula zithunzi 29.5 pa sekondi tikazigawa mofanana, zonse pamodzi ndi 17,700. Mukazionetsa pa 30 zimatha m'masekondi 590, pamene mawu akadali a masekondi 600. Masekondi 10 amenewo ndiwo akuchititsa kuti ankhoswe akhale pansi asanamalize kulankhula.

Mankhwala ake ndi kusintha fayilo iliyonse ya pa foni payokha musanaiphatikize ndi zinzake. Mu HandBrake, pa tsamba la Video, sankhani H.264, pa Framerate muike 25 ndipo mudine Constant Framerate. Ngati simuopa kulemba malamulo pamanja, pulogalamu ya FFmpeg imachita zomwezo ndi mzere uwu, ngakhale kuti uwu wokha sukonza mitundu ya HDR:

ffmpeg -i foni01.mov -c:v libx264 -crf 21 -profile:v high -level 4.1 -pix_fmt yuv420p -r 25 -fps_mode cfr -c:a aac -b:a 160k -ar 48000 foni01.mp4

Nambala ya 48000 musaiiwale, chifukwa mafoni ena amajambula mawu pa 44.1 kHz pamene kamera ya AVCHD imajambula pa 48 kHz, ndipo mukalumikiza mafayilo osiyana pa mfundo imeneyi mawu amayambanso kusokonekera polumikizirapo. Yesani pa kachigawo ka mphindi imodzi, mukaonetse pa TV, ndipo mukakhutira m'pamene mungasiye kompyuta ikugwira ntchito usiku.

Mayi_okonza_makompyuta_Mzuzu anayankha kuti:

Bambo a ku Zomba, choyamba tulutsani khadi ya malumewo mu kompyuta ndipo musalembepo chilichonse, musaibwezerenso mu kamera. Koperani fayilo yokana kutsegukayo kawiri, pa malo awiri osiyana, ndipo zoyesa zonse muzichitira pa kope limodzi.

Mukaitsegula ndi FFmpeg ndikukhulupirira kuti muona uthenga wakuti "moov atom not found". Fayilo ya MP4 kapena MOV ili ndi mbali ziwiri zikuluzikulu: mdat, imene ili ndi zithunzi ndi mawu enieniwo, ndi moov, imene ndi kaundula wonena pamene chithunzi chilichonse chayambira ndi kuthera. Kamera imalemba mdat nthawi yonse imene ikujambula, koma kaundulayo imamulemba pomaliza, munthu akadina batani loimitsa. Batire likagwa kapena khadi ikatulutsidwa kamera isanamalize kulemba, zithunzi zimakhalamo zonse, ndipo n'chifukwa chake fayilo ikuonetsa 1.8 GB, koma palibe pulogalamu imene ingadziwe pozipeza. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa untrunc kamene kamamanganso kaundulayo potengera fayilo ina yabwinobwino yochokera mu kamera yomweyo, yojambulidwa ndi makonzedwe omwewo. Popeza khadi ya malume ili ndi mafayilo ena amene akutseguka, chitsanzo muli nacho kale. Sikuti kamapambana nthawi zonse, koma ndaonapo makanema ambiri akubwerera nako.

Fayilo imene inaonongeka magetsi atazima ili ndi nthenda yomweyo, koma imeneyo musataye nayo nthawi. Ifufuteni, popeza mafayilo oyambirira mukadali nawo.

Za fulashi, malo alipo okwanira koma vuto ndi FAT32, njira yosungira mafayilo imene mafulashi ambiri a 32 GB kutsika m'munsi amabwera nayo. FAT32 silola fayilo imodzi kufika pa 4 GB, ngakhale fulashiyo ikhale yaikulu bwanji. Ena akuuzani kuti muifomate mu exFAT kapena NTFS, ndipo pa kompyuta zimenezo zigwiradi ntchito, koma ine sindingakulangizeni choncho pa TV imene simunaione, chifukwa ma TV akale ambiri amawerenga FAT32 yokha ndipo mukawapatsa exFAT amachita ngati palibe chimene mwalowetsa. Siyani FAT32 ndipo mugawe kanemayo. Masamu ake ndi awa: maola atatu ndi masekondi 10,800, ndipo kuti onsewo akwane mu fayilo imodzi yosafika 4 GB mufunika kutsika mpaka pafupifupi 3 Mbps (muyeso wa deta imene kanema amadya pa sekondi), zimene pa anthu ovina ndi magetsi a mu holo zimabweretsa timabokosi pa nkhope. Mukagawa pawiri, tchalitchi payokha ndi holo payokha, gawo la mphindi 90 pa 5 Mbps limakhala pafupifupi 3.4 GB, ndipo mukawonjezera mawu a 160 kbps limafika pa 3.5 GB. Kugawa kuli ndi ubwino winanso, wakuti magetsi akazima mumangotaya gawo limene linali pa moto.

Ndiwonjezere kamodzi: ngati fulashiyo munaigula yotchipa modabwitsa, iyeseni ndi pulogalamu ya H2testw musanaikhulupirire. Pali mafulashi achinyengo amene amanena kuti ndi a 32 GB kapena 64 GB pamene malo enieni ndi ochepa, ndipo amalandira fayilo popanda kudandaula koma zimene zapitirira malire zimasowa, kotero kanema amaima pakati agogo atakhala kale pamkeka.

Wojambula_wa_ku_Zomba anayankha kuti:

Ndikuthokozani nonse awiri. MediaInfo yatsimikiza zimene a ku Lilongwe ananena: mafayilo a pa foni ndi HEVC Main 10 ndipo pa Frame rate mode palembedwa Variable, ndipo fayilo yaikulu ija nayonso inatuluka mu HEVC ya 10 bits chifukwa pulogalamuyo inali pa makonzedwe otsatira fayilo yoyamba, imene mwangozi inali ya pa foni. Ndasintha fayilo imodzi ndi HandBrake ndipo mitundu yabwerera, milomo ndi mawu zikuyendera limodzi, ndipo TV yaionetsa. Fulashi nayonso yapambana mayeso a H2testw.

Komabe nditayesa FFmpeg ndakumana ndi zina. Poyamba inakana ndi uthenga wakuti "Unrecognized option 'fps_mode'". Kenako, popeza makanema anayi mwa 12 aja anajambulidwa foni itaimirira, ndinafuna kuwachepetsa kuti akwane pa chinsalu chopingasa ndipo ndinalemba scale=-1:720, koma inaima n'kunena kuti "width not divisible by 2". Ndaonanso kuti pamene fayilo ya 00000.MTS ikuthera ndi 00001.MTS ikuyambira, mawu a abusa amaduka pang'ono ngati munthu wameza liwu limodzi, ngakhale kuti pojambula sindinaimitse kamera. Timizere ta chipeso tija nato tikadalipo, ndipo MediaInfo ikunena kuti mafayilo a kamera yanga ndi 1920x1080, Interlaced, zithunzi 25 pa sekondi, mawu AC-3.

Agogo_a_mu_situdiyo anayankha kuti:

Mwana wanga, zimene zatsalazi ndi za m'nthawi yathu ife amene tinayamba ntchitoyi pa matepi, ndiye lolani ndiikepo mlomo.

Timizere ta chipeso si kuonongeka ayi. Kamera yanu imajambula mu 1080i50, kutanthauza kuti pa sekondi iliyonse imatenga theka la chithunzi ka 50, ulendo wina mizere ya nambala 1, 3, 5 ndi ulendo wotsatira mizere ya nambala 2, 4, 6, kenako matheka awiri amalukidwa kukhala chithunzi chimodzi. Njira imeneyi ndi imene inkagwiritsidwa ntchito pa wailesi ya kanema ya PAL, imene inapangidwira mayiko a magetsi a 50 Hz monga Malawi ndi Zambia. Munthu akaima chilili matheka awiriwo amagwirizana, koma akamavina dzanja limakhala litasuntha pakati pa theka loyamba ndi lachiwiri, ndiye mukawaonetsa pamodzi mumaona mano a chipeso. Pulogalamu yanu inayenera kuchita deinterlace, kutanthauza kusandutsa mathekawo kukhala zithunzi zathunthu, isanapanikize, ndipo ikalephera kutero timizereto timamatirira mu chithunzi mpaka kalekale. Choncho muyambirenso pa mafayilo a MTS, osati pa MP4 imene munatulutsa kale.

Musanachite zimenezo, lumikizani mafayilo a MTS. Kamera imadula kanema wautali m'zidutswa chifukwa cha malire a kukula kwa fayilo pa khadi, ofanana ndi amene amayi a ku Mzuzu afotokoza, ndipo podula siyang'ana ngati yafika pakati pa chithunzi kapena pakati pa liwu. Mukasintha chidutswa chilichonse pachokha, kachigawo kodulidwa pakati kamatayika mbali zonse ziwiri, ndipo liwu la abusa lija linathera pamenepo. MTS ndi yosiyana ndi MP4 chifukwa ilibe kaundula mmodzi wa kumapeto. Inapangidwa ndi timapaketi ting'onoting'ono totsatizana, kotero mukhoza kungomata zidutswazo monga zilili. Pa Windows, mu foda ya STREAM imene mwakopera pa kompyuta, lembani kuti:

copy /b 00000.MTS+00001.MTS+00002.MTS tchalitchi.MTS

Muchite zimenezi pa zidutswa zokhazo zimene kamera inadula yokha, osati pamene inuyo munaimitsa n'kuyambanso, ndipo musayese njira imeneyi pa MP4 kapena MOV chifukwa mungopanga fayilo yosatseguka.

Pamene ndikusiyana ndi a ku Lilongwe ndi pa nambala ya 25. Mukachita deinterlace n'kutsika pa zithunzi 25, mwataya theka la kayendedwe kamene kamera inajambula, ndipo kuvina kumaoneka kodukaduka. Komanso makanema a pa foni a zithunzi 30 mukawatsitsa pa 25, chithunzi chimodzi mwa zisanu ndi chimodzi zilizonse chimatayidwa, ndipo diso limaona kudumphako makamaka pamene wojambula akutembenuza foni. Ine ndikanasankha 1280x720 pa zithunzi 50. Theka lililonse limasanduka chithunzi chathunthu, makanema a pa foni sataya chithunzi chilichonse koma zina zimangobwerezedwa, ndipo TV yakale imaiwerenga mosavuta, pamene 1920x1080 pa zithunzi 50 imafuna level 4.2 imene ma TV ambiri akale safika. Agogo atakhala mamita atatu kuchokera pa TV ya mainchesi 32 sadzasiyanitsa 720 ndi 1080, koma adzazindikira ngati mdzukulu wawo akuvina modukaduka. Mzere wake ndi uwu:

ffmpeg -i tchalitchi.MTS -vf bwdif=1,scale=1280:720 -c:v libx264 -crf 21 -maxrate 5M -bufsize 10M -profile:v high -level 4.0 -pix_fmt yuv420p -c:a aac -b:a 160k -ac 2 -ar 48000 tchalitchi.mp4

Mu HandBrake zomwezo mumazipeza posankha Bwdif kapena Yadif pa Deinterlace, Bob pa Preset, ndi 50 pa Framerate. Mawu a AC-3 asintheni kukhala AAC ya mbali ziwiri monga ndalembera, chifukwa si TV iliyonse imene imawerenga AC-3 ikakhala mkati mwa MP4.

Mkonzi_wa_ku_Lilongwe anayankha kuti:

Akulu anena zoona pa nkhani ya kuvina, ndipo pa ntchito imeneyi ndikugwirizana nawo. Ine ndinatchula 25 poganizira kuti achimwene adzafunanso kusunga kope la 1080 la akwati eni ake, amene mwina ali ndi TV yaikulu m'tauni, koma zimenezo zikhoza kudikira mpaka Lamlungu litadutsa. Chofunika ndi chakuti nambala imene mwasankha ikhale imodzi pa mafayilo onse; fayilo ya pa foni imene mwasintha kale pa 25 muibwereze pa 50.

Uthenga wa fps_mode ukutanthauza kuti FFmpeg yanu ndi yakale kuposa 5.1, pamene lamuloli linayambira. Mukhoza kuika yatsopano, kapena kulemba -vsync cfr m'malo mwake.

Uthenga wachiwiriwo ndi wa masamu. Kanema wojambulidwa foni itaimirira ndi wa 1080 m'lifupi ndi 1920 m'litali, ndipo mukatsitsa kutalika kufika pa 720, m'lifupi mumatsala 405. Njira ya yuv420p imasunga mtundu umodzi pa timadontho tinayi tiritonse, tiwiri chopingasa ndi tiwiri chotsika, kotero mbali zonse ziyenera kugawika ndi 2, ndipo 405 sigawika. Mukalemba -2 m'malo mwa -1, FFmpeg imasankha yokha nambala yapafupi yogawika ndi 2. Kenako muwonjezere mizere yakuda m'mbali kuti fayiloyo ifanane kukula ndi zinzake, motere: -vf scale=-2:720,pad=1280:720:-1:-1. Musakoke chithunzicho kuti chidzaze chinsalu chonse, chifukwa mkwatibwi adzaoneka wonenepa katatu ndipo mlandu umenewo ngakhale ankhoswe sangauthe. Popeza mafayilo amenewa ndi a HDR, adutseni kaye mu HandBrake kuti mitundu ikonzeke, kenako muwabweretse ku FFmpeg.

Mafayilo onse akafanana codec, kukula, chiwerengero cha zithunzi ndi muyeso wa mawu, alumikizeni popanda kuwapanikizanso. Lembani mayina awo mu fayilo ya mndandanda.txt, mzere uliwonse uyambe ndi liwu lakuti file, kenako mulembe kuti:

ffmpeg -f concat -safe 0 -i mndandanda.txt -c copy holo_yonse.mp4

Lamulo la -c copy limangosamutsa katundu kuchoka m'matumba ang'onoang'ono kupita m'thumba limodzi, kotero limatha m'mphindi zochepa ndipo chithunzi sichitaya ubwino. Mukaona machenjezo ambiri otchula DTS, ndiye kuti pali fayilo imene yasiyana ndi zinzake, ndipo MediaInfo idzakuonetsani imeneyo. Kumbukirani kuti makanema a pa foni akuwonjezera kutalika, ndiye gawo la ku holo likayandikira 4 GB muligawenso pawiri.

Pa ukwati wotsatira, ngati mukudziwa kuti achibale adzakupatsani makanema a pa iPhone, apempheni pasadakhale kuti pa Settings, Camera, Formats asankhe Most Compatible, kenako pa Camera, Record Video azimitse HDR Video ndipo atsegule Show PAL Formats kuti athe kujambula pa 25. Zimenezi zimachepetsanso kuphethira kwa magetsi a mu holo, kumene kumabwera foni ikamajambula pa 30 pansi pa mababu a 50 Hz, ndipo kuphethira kumeneko kukalowa mu kanema sikuchoka ndi kusintha mtundu wa fayilo.

Wojambula_wa_ku_Zomba anayankha kuti:

Ndabwera kudzapereka lipoti. Ndatsatira njira ya 720 pa zithunzi 50, ndipo ndatulutsa mafayilo atatu: tchalitchi ya 2.9 GB, holo yoyamba ya 2.4 GB ndi holo yachiwiri ya 2.1 GB. Onse alowa pa fulashi ya FAT32 ndipo ndawaonera kuyambira poyamba mpaka pomaliza pa TV ya kunyumba ndi ya aneba. Timizere ta chipeso tatha, ndipo liwu la abusa labwerera nditalumikiza mafayilo a MTS ndisanawasinthe.

Untrunc inakana ulendo woyamba chifukwa fayilo imene ndinaipatsa ngati chitsanzo inali ya 720 pamene yoonongekayo inali ya 1080. Malume anasintha makonzedwe pakati pa mwambo. Nditaipatsa ina ya 1080 inabweza mphindi 14 za perekaniperekani ndi chithunzi chabwinobwino, koma mawu ake ali ndi kaphokoso m'mphindi ziwiri zomalizira. Popeza kamera yanga inali kujambula nthawi yomweyo kuchokera kumbuyo kwa holo, ndatenga mawu a pa kamera yanga n'kuwagwirizanitsa ndi chithunzicho pa malo amene wotsogolera mwambo anamenya tebulo poitana a kuchikazi. Malume ndawauza kale kuti khadi yawo ndiwabwezera Lamlungu pamodzi ndi fulashi, ndipo avomera kuti anaitulutsa nyali yofiira ya kamera ikadayaka.